Udzudzu wa ku Dzalanyama

Mwezi wa Febuluwale tinakagona m'matenti ku nkhalango ya Dzalanyama ndi anyamata a kutchalitchi kwathu. Usiku woyamba tulo sitinatione. Udzudzu unkangolira m'khutu, ndipo kutacha mikono yanga inali zidzolo zokhazokha.

Vuto linali lathu lomwe. Tenti tinaikhoma kumunsi, pafupi ndi chithaphwi cha madzi a mvula, momwe udzudzu umaswana. Zipi nayo inali yong'ambika pakona, ine n'kumati kabowo kotere sikangavute. Ha!

Tinasamutsira tentiyo pamtunda pomwe pamadutsa kamphepo, kabowoko n'kusoka ndi singano. Neti yanga ya mankhwala, yomwe ndinatsala pang'ono kuisiya ku Area 25, ndinaimangirira m'kati mwa tenti n'kupisa m'mphepete mwake kunsi kwa mphasa. Dzuwa likangolowa, nthawi yomwe udzudzu wa malungo umayamba kuluma, tinkavala malaya a manja aatali ndi sokosi, n'kudzola mankhwala othamangitsa udzudzu otchedwa DEET m'khosi ndi m'mapazi. Mnzathu wina anathyola mpungabwi n'kuponya pamoto monga ankachitira agogo ake. Koyilo tinkayatsira panja; m'tenti utsi wake umatsamwitsa, komanso tentiyo ikhoza kupsa.

Masiku awiri otsalawo ndinalumidwa kamodzi kokha, pachala.