Jekete yotchinga zipolopolo: yambani mwadziwa chida chimene mukukumana nacho

Inu ogula katundu kupolisi, kuusilikali ndi kumakampani a alonda, musayambe ndi kufunsa mtengo. Yambani mwafunsa kuti anthu anu akagwa m'manja mwa achiwembu, adzalasidwa ndi chiyani.

Jekete yofewa, ya ulusi wa Kevlar kapena Dyneema, imagwira zipolopolo za mfuti zing'onozing'ono za m'manja. Pa muyezo wa ku America wa NIJ 0101.06, yolimba kwambiri mwa zofewazi ndi Level IIIA, imene amaiyesa ndi chipolopolo champhamvu cha mfuti ya m'manja chotchedwa .44 Magnum. Koma chipolopolo cha AK-47 chimangodutsa ngati pachitenje. N'chifukwa chake msilikali wokasungitsa mtendere ku DRC amafunika mapuleti olimba olowetsa m'jekete, a Level III kapena IV, pachifuwa ndi kumsana. Mukaona zilembo HG1, HG2, RF1, RF2 kapena RF3 musadabwe, ndi mayina a ma Level pa muyezo watsopano wa 2023.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti jekete yogwira chipolopolo mpeni wosongoka ukhoza kuiboola, poti nsonga imapatula ulusi n'kulowa. Woyang'anira akaidi, amene mdani wake ndi chisonga chonoledwa mobisa, mumugulire yoyesedwa pa muyezo wa mipeni, NIJ 0115.00.

Tsono nkhani ya saizi, imene ine ndimaiona ngati yaikulu kuposa zonse. Musagule mulu umodzi n'kugawa ngati mabulangete. Munthuyo avale, akhale pampando, atukule manja ngati akulozetsa mfuti. Ikamugunda pachibwano, yatalika. M'munsi ilekeze chapamchombo, pakhale mpata wa zala ziwiri pamwamba pa lamba. Puleti iyambire pakadzenje ka m'munsi mwa khosi kuti iphimbe mtima. Apolisi achizimayi ali ndi zawo zosokedwa motsata chifuwa. Ganiziraninso kulemera: wapolisi wa pa rodibuloko ku Nsanje mu Okutobala mukamusenzetsa mapuleti achitsulo, pofika masana adzakhala ataivula n'kuikoleka pamtengo.

Onani tsiku limene inapangidwa. Makampani ambiri amalonjeza zaka 5 zokha pa zofewa, ndipo ulusi umafookadi: mu 2003 ku America chipolopolo chinaboola jekete ya ulusi wa Zylon, wapolisi n'kuvulala. Zakaunjika zisiyeni.

Posamala, chotsani zam'kati muzipukute ndi kansalu konyowa, muchape chikuto chokha. Osaziviika, osaziyanika padzuwa, osazipinda. Puleti ya seramiki ikagwa pasimenti imatha kuchita mng'alu wosaoneka ndi maso, choncho kanenetseni kwa akuluakulu ikaunikidwe musanaivalenso.