Zoyenera kuchita galimoto yanu ikamangidwa tayala kapena kukokedwa mu Lilongwe

Aliyense amene amayendetsa galimoto ku Old Town akudziwa kuti ikamakwana 10 koloko m'mawa malo oimikapo amakhala atatha, makamaka ku Malangalanga ndi m'misewu yozungulira msika waukulu. Apa m'pamene ambirife timakweza matayala awiri panjira ya oyenda pansi, kuyatsa mahazadi, n'kudziuza kuti tingogula kanthu kamodzi. Zotsatira zake timaziona tonse: mayi wobereka mwana, atasenza dengu la tomato, akukakamizika kutsikira mumsewu momwe maminibasi ndi njinga za kabaza akulimbirana mpata. Choncho kuletsa kuimika galimoto paliponse n'koyenera, koma mwini galimoto nayenso ali ndi ufulu umene ayenera kuudziwa lisanafike tsiku lopeza chitsulo chitaluma tayala lake.

Musaimike panjira ya oyenda pansi, pamphambano, pamlatho, pamalo owolokera anthu, pageti la munthu wina kapena pambali pa galimoto ina imene yaima kale. Ngati malowo ndi olipiritsa, lipirani kwa wotolera amene ali ndi chiphaso, ndipo risiti muisunge.

Mukapeza tayala litamangidwa, musayese kuthyola chitsulocho kapena kusintha tayala kuti muthawe, chifukwa mlandu wa kuimika molakwika usanduka wa kuwononga katundu. Yambani mwajambula ndi foni: galimoto yonse mbali zinayi, pamene yaima, zikwangwani zimene zilipo, ngakhalenso kusowa kwa chikwangwani. Kenako funsani mwaulemu kuti, "Bwana, mwatumidwa ndi ofesi iti, ndipo ndaphwanya lamulo liti?" Funso limeneli n'lofunika chifukwa mphamvu pankhaniyi zili ndi eni ake. Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe imakhazikitsa malamulo a mumzinda pogwiritsa ntchito mphamvu zochokera mu lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, pamene apolisi a pamsewu amagwiritsa ntchito lamulo la pamsewu la 1997. Kampani yokoka galimoto ilibe mphamvu zakezake zolanda galimoto pamsewu wa boma. Imagwira ntchito m'dzina la amene waituma, ndipo wotumidwayo ayenera kutha kumutchula.

Mukapeza galimoto palibe, musathamangire kulengeza pa Facebook kuti yabedwa. Funsani alonda ndi ogulitsa malonda a pafupi, pakuti iwo ndiwo amaona zonse, kenako pitani kupolisi yapafupi kapena kumaofesi a khonsolo ku City Centre. Mutenge chiphaso chanu cha unzika, laisensi ndi zikalata zosonyeza kuti galimotoyo ndi yanu.

Pa nkhani ya kakokedwe m'pofunika kusamala kwambiri. Galimoto zambiri zimene tikuyendetsa masiku ano, monga Vitz, Passo ndi Sienta, ndi za otomatiki ndipo zambiri zimakoka ndi matayala akutsogolo. Galimoto yotere ikakokedwa matayala akutsogolo ali pansi injini itazima, giyabokosi imawonongeka, chifukwa pampu ya mafuta ake imagwira ntchito injini ikamalira. Iyenera kunyamulidwa yonse pa bulekidauni ya thebulo, kapena kutukulidwa kutsogolo. Ine ndinaonapo Passo ya mnansi wanga itabwezedwa bampala ili lende, ndipo poti sanajambule chilichonse komanso anasayina pepala lolandirira galimoto asanaiyang'ane, analibe poyambira kudandaula. Chotero musanasayine, izungulireni galimotoyo, yang'anani mabampala, kunsi ndi katundu amene munasiya mkati, ilizeni ndi kuyesa magiya, ndipo chilichonse chowonongeka chilembedwe papepalalo pamaso pa mboni.

Polipira, pemphani kuona mitengo yolembedwa, ndipo chindapusa, ndalama yokokera ndi yosungira zilembedwe padera. Musazengereze kukaombola, chifukwa kumene amalipiritsa kusunga ndalamayo imakwera tsiku ndi tsiku. Risiti ikhale yovomerezeka, yokhala ndi dzina la ofesi, deti, nambala ya galimoto ndi ndalama yeniyeni imene mwapereka. Wina akakunong'onezani kuti "tingokambirana pompano" ndi kandalama kochepa kopanda risiti, kanani. Ndikudziwa kuti pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo mwana akudikira kusukulu njira imeneyi imakopa, koma lamulo lothana ndi katangale la 1995 limalanga wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo mungathe kukanena ku bungwe lothana ndi katangale la ACB.

Ngati mukuona kuti mwalakwiridwa, lipirani kuti galimoto ituluke, koma lembani kalata yodandaula kwa mkulu wa khonsolo, kapena kwa mkulu wa polisi ya deralo ngati anakoketsa ndi apolisi, n'kuphatikizapo zithunzi ndi fotokope ya risiti. Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limakupatsani ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene ofesi ya boma yachita chinthu chokhudza ufulu wanu. Akapanda kuyankha, pitani kwa khansala wa dera lanu kapena ku ofesi ya Ombudsman, yomwe imamva madandaulo okhudza maofesi a boma. Dandaulo lokhudza kampani imene munaiitana nokha galimoto itawonongeka panjira, n'kukusinthirani mtengo pofika, lipite ku bungwe loteteza ogula la CFTC, ndipo kalata iliyonse imene mwapereka muidinditse sitampa yosonyeza tsiku limene yalandiridwa.