Momwe Mungapezere Chilolezo cha Khonsolo Chomangira Kapena Kusintha Ntchito ya Malo

Anthu ambiri amaganiza kuti akakhala ndi chikalata cha umwini wa malo ndiye kuti angathe kumangapo chilichonse chimene afuna, koma m'mayiko ambiri umwini ndi chilolezo chomanga ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ku England kusiyana kumeneku kunakhazikika ndi lamulo la Town and Country Planning Act la 1947, lomwe linaika m'manja mwa makhonsolo mphamvu yovomereza kapena kukana zomangamanga, ndipo mayiko ambiri omwe ankalamulidwa ndi Britain anatengera dongosolo lomwelo. Chilolezo sichifunika pomanga nyumba yatsopano pokha ayi. M'mayiko ambiri chimafunikanso pogawa malo kukhala mapoloti angapo, kapena posandutsa nyumba yogonamo kukhala sitolo, ngakhale musanawonjezerepo njerwa n'imodzi yomwe.

Musanalipire wojambula mapulani, pitani ku ofesi ya khonsolo yoona za mapulani a malo mukapemphe kuona pulani ya dera lonse. Pulani imeneyi ndiyo imanena mbali zomwe zinapatulidwira nyumba zokhalamo, malonda, mafakitale, ulimi ndi misewu ya m'tsogolo, ndipo pempho losemphana nayo kawirikawiri limakanidwa, ngakhale zojambula zake zitakongola chotani. Funsani akuluakulu a mu ofesiyo kutalika kwa nyumba komwe amalola, mtunda woyenera kusiya pakati pa khoma ndi malire, ndiponso ngati malowo ali m'dera losefukira madzi kapena m'njira ya mawaya a magetsi ndi mapaipi. Kwa ine, ulendo umenewu ndi wofunika kuposa china chilichonse, chifukwa kusintha mzere papepala n'kosavuta poyerekeza ndi kugumula maziko.

Mukatero, pezani woyeza malo kuti atsimikize malire, ndi katswiri wovomerezeka kuti ajambule mapulani. Pamodzi ndi fomu ya khonsolo, mudzapereka mapu oonetsa pomwe pali malowo, pulani yoonetsa pomwe padzakhale nyumba, polowera galimoto, ngalande ndi kotayira zonyansa, zojambula za zipinda ndi maonekedwe a kunja, umboni wa umwini, ndi lisiti ya malipiro. Ntchito ikakhala yaikulu, angafunenso lipoti la momwe idzakhudzire chilengedwe. Pempho losakwanira amangoliika pambali osayamba n'komwe kuliwerengera masiku.

Nkhani ya anthu oyandikana nawo musaipeputse. Khonsolo imawadziwitsa ndi kuwapatsa nthawi yoti anene maganizo awo, yomwe ku England nthawi zambiri imakhala masiku 21. Nzeru ndi kuwaonetsa mapulani nokha kalata isanawapeze, pakuti munthu wodzidzimutsidwa amafulumira kutsutsa. Komabe si dandaulo lililonse limamveka. Khonsolo imalabadira zinthu monga kutchinga kuwala, phokoso, kuchuluka kwa magalimoto ndi mazenera osuzumira pabwalo la mnzanu, koma mkangano wakale wa pakati panu ulibe malo pamenepo.

Mapempho ang'onoang'ono amagamulidwa ndi akuluakulu a mu ofesi, pomwe mapempho a ntchito zikuluzikulu kapena odzetsa mkangano amapita ku komiti ya khonsolo. Ku England yankho limayenera kutuluka pasanathe masabata 8 pantchito yaing'ono, kapena 13 pantchito yaikulu. Mukakanidwa, werengani zifukwa zomwe alemba, chifukwa nthawi zambiri kukonza pulani ndi kuiperekanso kumafulumira kuposa kuchita apilo.

Mukavomerezedwa, werengani bwinobwino mfundo zomwe zalembedwa pachilolezocho, pakuti zina zimayenera kukwaniritsidwa musanakumbe maziko, ndipo kuzinyalanyaza kungachititse kuti ntchito yonse ionedwe ngati yosaloledwa. Chilolezo chimatha mphamvu mukachedwa kuyamba, monga ku England komwe nthawi zambiri amapereka zaka 3. Funsaninso ngati pakufunika chilolezo china choona za kulimba kwa nyumba ndi chitetezo ku moto, ndipo mukafuna kusintha pulani ntchito ili m'kati, bwererani ku khonsolo amisiri asanapitirize.