Musazimitse alamu ya inhela chifukwa choti mwapezako bwino

Chisanu cha chaka chino chatibwezera kuchipatala anthu a mphumu ndi a chifuwa chamgonagona omwe tinkati zinthu zawakhalira bwino. Ukawafunsa mmodzimmodzi, nkhani yake ndi imodzi. Alamu ya pa foni yowakumbutsa kupopera mankhwala m'mawa ndi madzulo anaizimitsa cha mu Epulo, ati anali atachira.

Sanachire ayi. Chimene chinawaziziritsa pachifuwa ndi inhela (kachipangizo kopopera mankhwala m'kamwa kuti afike m'mapapo) ya bulauni, ya mankhwala otchedwa beclomethasone, yomwe imaphwetsa kutupa kwa m'njira za mpweya pang'onopang'ono. Munthu saimva ikamagwira ntchito, ndipo akaisiya sabanika tsiku lomwelo. Pamapita milungu, kutupa kukubwerera mwakachetechete. Kenako Juni ndi Julayi afika ndi mwera, fumbi, utsi wa mapesi ndi wa anyamata otentha tchire posaka mbewa, mbaula nayo yalowa m'nyumba mazenera ali otseka. Apa munthu amathamangira ya buluu, salbutamol, yomwe imangotsegula njira kwa maola ochepa koma kutupa siikukhudza. Kachitini kake kamakhala ndi mapopedwe 200, koma ena akukamaliza mwezi usanathe.

Ndiye muwerenge zomwe zimatayika. Kabaza wa pakati pa usiku, pa mtengo umene mwini njinga wanena. Masiku angapo mu wodi, pamodzi ndi wodikirira odwala amene naye wasiya ntchito zake. Dimba lauma osathirira, tomato wapserera. Ndipo kwa amene mapapo awo anawonongeka kale ndi fodya, utsi wa kukhitchini kapena TB yakale, kubanika kwakukulu kulikonse kukhoza kuwasiya ofooka kuposa kale.

Bambo wina wolima fodya anandionetsa foni yake monyadira. Muli gulu la kalabu, mitengo ya ku okushoni, mauthenga a nyengo, zonse amatsata osaphonya. Alamu ya mankhwala yokha ndiyo anachotsa, ati imamuchititsa manyazi ikalira m'chigafa pamaso pa aganyu. Munthu wake ndi yemweyu amene amatha tsiku lonse m'fumbi la fodya akusankha ndi kumanga ndindi! Anagona kuchipatala mabelo ake akudikira kudinda. Ndinamufunsa ngati nazale amasiya kuthirira mbande zikangobiriwira, anangoseka.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi mphekesera yakale yoti inhela ukaiyamba sumaisiya, mapapo amaizolowera. Bodza ili lakalamba, koma pano lapeza njira yatsopano pa WhatsApp, limodzi ndi mauthenga a mawu olangiza adyo, ndimu, uchi ndi kufukiza bulugamu. Bandulo yomvera zimenezi imapezeka, koma kulemba mzere umodzi wa mmene mwagonera akuti n'chintchito. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2019 mphumu inapha anthu pafupifupi 455,000 padziko lonse, ambiri mwa iwo m'mayiko osauka ngati lathuli, komwe inhela zoteteza sizipezeka mokwanira. Inu muli nayo m'nyumba, mwaiponya pa windo.

Zoti muchite n'zochepa. Bwezeretsani alamu kawiri pa tsiku. Ngati mukuchita manyazi, ikani yongonjenjemera. Ngakhale kafoni ka mabatani kali nayo. Mukapopera ya bulauni, chukuchani m'kamwa. Lembani pa foni tsiku lililonse limene mwagwiritsa ntchito ya buluu kapena mwadzuka usiku ndi chifuwa, ndipo zikapitirira kawiri pa mlungu pitani mukaonetse adokotala, tsiku limene anakuuzani kuti mudzabwerenso kuchipatala lisanafike. Auzeni achibale akujambuleni kavidiyo mukupopera kuti anamwino aone ngati mankhwala akufika m'mapapo kapena akuthera pa lilime. Mafunso ang'onoang'ono imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, ndi kwaulere. Koma mukalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha phuma, milomo yasintha mtundu, kapena mwaona magazi m'makhololo, foniyo ikhale yoitanira transipoti basi.