Musanagule zida za titration, dziwani kaye asidi wanu

Pa titration, njira yodziwira mphamvu ya asidi pomuthira NaOH (sodium hydroxide) pang'onopang'ono mpaka asidiyo atatheratu, funso loyamba si mtengo ayi, ndi loti asidi wake ndi uti ndipo akhudza chani. Ambiri amathamangira burette yodula, chubu cha mizere chodonthezera mankhwala chija, kuiwala kuti mu burette nthawi zambiri mumakhala NaOH, asidi woopsayo ali mu flask, mu pipette, kachubu kotungira asidi, ndi pa electrode yoyezera pH. Ndiye yambirani kumeneko.

Ngati ndi hydrochloric (HCl), nitric kapena sulfuric, galasi la borosilicate limapirira bwinobwino. Koma hydrofluoric, HF uja, ndi nkhani ina, ameneyu amadya silica wa mugalasimo moti beaker imachita mbuu ngati mwaikwecha ndi mchenga, ndipo chimene chimandiwawa ine nchakuti asidi wina amathera pagalasi asanakumane ndi NaOH, nambala imene mupeze ndi yabodza koma inu osadziwa. Apa gulani za pulasitiki wa PTFE (Teflon) kapena PFA basi. Polypropylene, pulasitiki wina, imatha ntchito pa HF wosungunula koma musaiyandikize nitric wamphamvu, amaiwononga. Electrode ya pH wamba nsonga yake ndi galasinso, ndiye funsani yopangidwira HF kapena ya antimony.

Burette tengani ya Class A, ya 50 mL imalakwa ndi 0.05 mL yokha, ndipo stopcock, kampopi kotsegulira burette, ikhale ya PTFE chifukwa siifuna girizi komanso siimamatirira. Yagalasi ikagona ndi NaOH mawa lake kutembenuza mavuto, mukakakamiza imasweka m'manja.

Mukamagula autotitrator, makina ochita titration okha, musanyengeke ndi sikirini yokongola, mufunseni wogulitsa mndandanda wa zonse zimene madzi amakhudza, machubu, valve, piston. Pakapezeka stainless steel pomwe inu mumagwira HCl, isiyeni, chloride amaboola timaenje, ngakhale nthunzi ya HCl yokha imachititsa dzimbiri. Kamaginito kotakasira nakonso kakhale kokutidwa ndi PTFE.

Sulfuric wa 98% musalimbane naye ndi pipette, ndi wonanda, amatsalira m'mbali, ndipo mL imodzi imalemera 1.84 g. Muyezeni pa sikelo yabwino kenako mumusungunule, asidi ndi amene amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi, amatentha nkuthovukira kumaso.

Pa bajeti yomweyo ikanipo fume hood (kabati yokoka nthunzi), chotchinga nkhope ndi magolovesi oyenera asidi wanuyo. Ngati ndi HF, chonde calcium gluconate gel wa 2.5% akhale pafupi musanatsegule botolo, chifukwa HF wosungunula amatha kulowa pakhungu osamva kuwawa mpaka patapita maola, ndiye akakudontherani tsukani ndi madzi ambiri, pakani gel, thamangirani kuchipatala ngakhale pakhungu pakuoneka bwino.