Momwe mungaikire mota yamagetsi pa bwato laling'ono

Mabwato oyenda ndi magetsi si zadzana. Moritz von Jacobi anayendetsa bwato lotere pa mtsinje wa Neva ku St Petersburg mu 1839, ndipo masiku ano zombo zina zoyendera mphepo zapanyanja zikuluzikulu zimamangidwa ndi mota yomwe imathanso kutchaja mabatire madzi akamazunguza pulopela. Ife kuno kum'mawa kwa Zambia tilibe nyanja yamchere, koma pa madamu athu ndi pa mtsinje wa Luangwa kamota ka 12V kakhoza kukuchotserani ndalama za petulo. Chachikulu n'kudziwa kuwerengera batire, osati kuthamangira mota yaikulu.

Yambani ndi bwato. Mota imafunika thabwa lolimba kumbuyo pomangirirapo. Bwato la faibala kapena lachitsulo limabwera nalo kale. Bwato logoba pamtengo lilibe, choncho pitani kwa kalipentala akukhomereni thabwa lopingasa lotulukira pambali, lomangidwa ndi mabawuti osati misomali.

Kenako mota. Pa bwato la anthu awiri kapena atatu, yolembedwa 55 lb (muyeso wa mphamvu yake yokankhira bwato) imakwanira. Ya kampani ya Minn Kota ndi yodziwika, ndipo za Torqeedo ndi ePropulsion zimabwera ndi batire yakeyake koma mtengo wake ngwowawa. Mukapeza ya liwiro losintha pang'onopang'ono, tengani imeneyo. Zija za magiya asanu zimataya magetsi ena ngati kutentha mukamayenda pang'onopang'ono.

Tsopano masamu, pomwe ambiri amagwera m'mbuna. Mota ya 55 lb ikatsegulidwa yonse imakoka pafupifupi 50 amps. Batire ya asidi ya 100Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi omwe batire imasunga) siyenera kutsika kupitirira theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye kuti muli ndi 50Ah zokha. Pa 50 amps, limenelo ndi ola limodzi basi. Koma madzi ali ndi khalidwe lake: kuti liwiro likwere pang'ono, mota imadya magetsi ochuluka kwambiri. Mukabweza dzanja n'kumayenda mwapakatikati, batire yomweyo ikutengani maola awiri kapena atatu, pomwe liwiro mwangotayako pang'ono. Batire ya lithium, ya mtundu wa LiFePO4, imalola kuti mugwiritse ntchito pafupifupi yonse ndipo kulemera kwake sikufika theka la ya asidi. Ya galimoto ayi, musayese n'komwe. Inapangidwira kuliza injini kwa kamphindi, ndipo mukamaikhuthula tsiku ndi tsiku sichedwa kufa. Funsani ya deep cycle, yopangidwira kukhuthulidwa ndi kutchajidwa mobwerezabwereza.

Batire iikeni m'bokosi lapulasitiki lotsekeka, pakati pa bwato ndiponso pansi, kuti bwato lisapendekeke. Imangeni ndi lamba. Mawaya akhale onenepa, osachepera 16 mm², komanso aafupi. Waya woonda amatentha, ndipo mota imafooka batire ili yodzaza. Pa waya wofiira, pafupi ndi batire penipeni, ikani fyuzi kapena breaker ya 60 amps. Pakani girisi pa materminal kuti asachite dzimbiri.

Pulopela imire masentimita 30 kapena kupitirira pang'ono. Mukamva ikuchita phokoso la thovu, ikumeza mpweya, itsitseni.

Zotchaja musadalire kampani ya magetsi ya ZESCO yokha, mukudziwa nokha mmene malaiti amachitira. Panelo ya sola ya 200W yokhala ndi charge controller (kachipangizo koyang'anira kutchaja kwa batire) imabweza theka la batire lija pa tsiku limodzi la dzuwa labwino. M'miyezi ya mvula, pomwenso Luangwa amadzaza n'kumayendeka kufupi ndi Mfuwe, mitambo imachepetsa mphamvu, choncho batire yachiwiri si yongodzionetsera. Ya asidi itchajeni tsiku lomwelo mukangotuluka m'madzi.

Pa mtsinje yambani ulendo mokwera, batire ikadali yodzaza, kuti pobwerera madzi akukankheni. Madzi akamathamanga kwambiri nthawi ya chigumula kamota aka sikangalimbane nawo, khalani kumtunda. Nkhafi ndi majaketi oyandamitsa zisatsale. Kumbukiraninso kuti mota iyi siimveka patali, ndiye mvuu mungaidzidzimutse muli nayo pafupi. Menyani m'mbali mwa bwato pokhota pomwe simukuona kutsogolo.

Mukafika kunyumba, chotsani waya ku batire, masulani nati ya pulopela n'kuyang'ana kumbuyo kwake. Ulusi wa mbedza ndi zidutswa za ukonde zimakulungana pamenepo, n'kudula rabala yotchinga madzi, ndipo madzi akangolowa mkati mota yapita.