Momwe mungasankhire ma pickup kuti gitala yanu izilira ngati zakale

Anyamata ambiri oimba gitala ya magetsi amadandaula chinthu chimodzi: gitala ikulira, koma mawu ake ndi olemera komanso osamveka bwino, pomwe iwo akufuna kaliridwe kaja ka m'malekodi akale, komwe nsambo iliyonse imamveka payokha. Akatero amathamangira kugula ma pickup atsopano. Pickup ndi kachipangizo kali pansi pa nsambo, maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi. Nsambo ikanjenjemera pamwamba pake, m'wayamo mumabadwa timagetsi tomwe ampu imakuza. Kusintha kachipangizoka kumasinthadi mawu, koma muyenera kutsata ndondomeko kuti ndalama zisalowe m'madzi.

Choyamba: musanagule, gwirani sikuludiraiva

Nthawi zambiri vuto limakhala loti ma pickup ali pafupi kwambiri ndi nsambo. Dinani nsambo pa fret yomaliza (kachitsulo komaliza kopingasa pa khosi la gitala, kufupi ndi ma pickup), muyeze mpata wapakati pa nsamboyo ndi maginito. Pa gitala yamtundu wa Stratocaster yambani ndi mamilimita 2.4 mbali ya nsambo zonenepa ndi 2 mbali ya zopyapyala, kenako muzitsitsa pickup pang'onopang'ono popotokola masikulu a m'mbali mwake uku mukumvetsera. Maginito akayandikira kwambiri amakoka nsambo, mawu n'kumatha msanga. Ikaninso nsambo zatsopano za nickel weniweni ngati mungazipeze. Mukachita izi n'kuona kuti mtima sunakhutire, pitirirani.

Chachiwiri: "chakale" chanucho ndi chiti?

Apa ndi pomwe ambiri amasokera, chifukwa kaliridwe kakale si kamodzi. Pali mabanja atatu.

Banja la kampani ya Fender ndi la single coil, yokhala ndi nkhata imodzi ya waya. Gitala yawo ya Telecaster inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Stratocaster mu 1954. Mawu ake ndi opyapyala, akuthwa, oyera. Ngati mumaimba rumba, kapena mumatsogolera nyimbo kutchalitchi ndipo mumafuna gitala imveke pakati pa kiyibodi ndi kwaya, banja lanu ndi ili. Vuto lake ndi kung'ung'uza kochokera ku magetsi a m'nyumba, komwe kumakula mawaya a m'holo akakhala osalongosoka.

P-90 ya kampani ya Gibson, yomwe inabwera mu 1946, nayonso ndi ya nkhata imodzi, koma yotambalala ndi yaifupi. Imalira monenepa, ndipo mukakanda nsambo mwamphamvu imakhala ngati yasasa mawu. Nayonso imang'ung'uza.

Kenako humbucker, yomwe Seth Lover anapanga ku Gibson. Ili ndi nkhata ziwiri zolumikizidwa mosemphana kuti phokoso lija lizizimitsana. Inayamba kuikidwa pa gitala ya Les Paul mu 1957, ndipo zoyambirirazo anthu amazitcha PAF chifukwa cha kapepala kolembedwa kuti "Patent Applied For" komwe kanamatidwa kunsi kwake. Ambiri amaganiza kuti humbucker ndi ya phokoso la rock basi, koma PAF inali yofatsa ndi yomveka bwino kusiyana ndi zambiri za masiku ano.

Chachitatu: yezani mabowo

Humbucker singalowe pa bowo la single coil popanda kusema thabwa, ndipo P-90 ili ndi kukula kwakekwake. Masulani chivundikiro muone momwe anabowolera mkati. Yezaninso mtunda wochokera pa nsambo yoyamba kufika pa yachisanu ndi chimodzi pamwamba pa pickup ya ku bridge (pomwe nsambo zimatsamira pa thupi la gitala): ma humbucker ena ndi a mamilimita pafupifupi 50, ena 53.

Chachinayi: werengani manambala, ndipo musakopeke ndi aakulu

Ngati pali chinthu chimodzi choti mutenge m'nkhani ino ndi ichi: ma pickup akale anali opanda mphamvu zambiri. Ogulitsa amalemba nambala ya ma ohm, yomwe imakupatsani chithunzi cha kuchuluka kwa waya. Pickup ya Stratocaster yakale imasewera pa 6k (ma ohm 6,000), PAF pakati pa 7k ndi 9k, P-90 cha m'ma 8k. Mukaona humbucker ya 14k kapena 16k, dziwani kuti inapangidwira kukankha ampu, ndipo mawu akuthwa aja amamira. Ine ndimati ndi bwino pickup ikhale yofooka, mphamvu muzikaitenga pa ampu. Nambalayi ili ndi msampha wake: waya wopyapyala kwambiri amaonetsa ma ohm ambiri ngakhale nkhata isali yaikulu. Zakale zambiri zinali za waya wa 42 AWG (muyezo wa kanenepedwe ka waya), ndiye muziyerekeza zofanana waya.

Maginito akhale a alnico, omwe ndi chisakanizo cha chitsulo ndi aluminium, nickel ndi cobalt. Alnico II ndi wofewa m'khutu, alnico V ndi wakuthwa komanso wolimba pa nsambo zonenepa. Magitala otchipa ambiri amabwera ndi maginito a ceramic omatidwa kunsi kwa pickup. Mukatembenuza single coil n'kuona kachidutswa kakuda kamakona anayi, ndi ameneyo.

Pali tinthu tiwiri pomwe kutsatira zakale ndendende kungakupwetekeni. Ma PAF sankaviikidwa mu phula, ndiye ena opangidwa motengera iwo amalira mluzu mukakweza ampu pafupi ndi masipika. Woimba m'mabandi asankhe oviikidwa. Komanso seti ya Stratocaster yokhala ndi pickup yapakati yokulungidwa mobwerera, yolembedwa RWRP, si yachikale kwenikweni, koma imaletsa kung'ung'uza pa malo achiwiri ndi achinayi a switchi yosankhira ma pickup. Kwathu kuno ndingatenge imeneyo.

Chachisanu: ma pot

Ma pot ndi tizipangizo tili pansi pa timabatani topotokola ta voliyumu ndi toni. Single coil ya Fender imayenda ndi ma pot a 250k, humbucker ndi a 500k. Mukasemphanitsa, single coil imabaya m'makutu, humbucker imalira ngati yafunditsidwa bulangete. Nambala imalembedwa pa thupi la pot.

Chachisanu ndi chimodzi: kugula ndi kumanga

Seymour Duncan ali ndi SSL-1 ndi '59, Gibson ali ndi '57 Classic ndi Burstbucker, Fender ali ndi Pure Vintage. Ngati thumba lili lopepuka, Tonerider ndi Wilkinson amapanga za alnico pamtengo wotsikirapo. Pa intaneti padzaza zachinyengo zolembedwa mayina otchuka, choncho mtengo ukatsika mokayikitsa, dutsani. Amene ali ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Britain angachite bwino kumutuma akagule m'sitolo ya zoimbira, osaiwala kuwerengera msonkho. Zogwiritsidwapo kale ntchito ziyezeni ndi mita yoyezera ma ohm: ikapanda kuonetsa nambala, waya anaduka mkati.

Musanamasule waya aliyense, jambulani mkatimo ndi foni. Mitundu ya mawaya imasiyana kampani ndi kampani, ndipo mukasakaniza ma pickup a makampani awiri, mawu akhoza kumveka opyapyala modabwitsa pamene onse ayatsidwa pamodzi. Zikatero ndiye kuti mawaya a pickup imodzi akufunika kutembenuzidwa. Ngati simunawotchererepo waya, pitani nayo kwa mmisiri wokonza mawailesi pamodzi ndi chithunzi cha kalumikizidwe kochokera kwa opanga. Ma pickup omwe mwachotsawo asungeni m'kabokosi, mudzawabwezeretse tsiku lomwe mudzagulitse gitalayo.